Malawi pa Khomo la Anansi: Phunziro la Njanji ya ku Nayuchi

Masiku ano, pamene mphamvu za maiko akuluakulu zikusendera uku ndi uku, nkhani imene ikumveka kawirikawiri m'manyuzipepala ndi pa wailesi ndi ya maiko amene aima pa makomo a mabungwe a anansi awo, kupempha kuti awatsegulire. Dziko la Turkey linapempha kulowa m'bungwe la maiko a ku Ulaya m'chaka cha 1987, linalembedwa m'gulu la oyembekezera mu 1999, zokambirana zinayamba mu 2005, koma kufikira lero lino likali kunja. Kuno ku Africa dziko la Burundi linapempha kulowa mu SADC mu 2017, ndipo msonkhano wa atsogoleri umene unachitikira ku Dar es Salaam mu 2019 unaliyankha kuti linali lisanakwaniritse zonse zofunika. Congo wa ku Kinshasa analowa m'bungwe la East African Community mu 2022, ndipo Somalia anamtsatira mu 2024.

Mwina ena mwa inu, owerenga athu, munganene kuti izi ndi nkhani zakutali, zosakhudza munthu wa ku Ntaja amene nkhawa yake ili pa mtengo wa feteleza ndi pa msika wa nandolo. Iai, si choncho. Dziko lathu lomwe lino linaimapo pa khomo lotere, ndipo linaima pamenepo monga mlendo wokayikiridwa, amene eni nyumba sanadziwe bwino ngati adzera mtendere kapena ukazitape. M'mene Malawi analowera m'bungwe la anansi ake mu 1980, ndi m'mene anakhaliramo pa zaka za nkhondo, muli phunziro limene antchito a Boma ndi aphunzitsi ayenera kulisunga. Phunzirolo ndi ili: dziko laling'ono lopanda doko lingathe kusintha abwenzi ake akutali, ndipo lidzawasintha ndithu monga mphamvu za dziko lapansi zisinthira, koma anansi ake sangasinthike. Umboni wake uli pafupi, pa njanji imene imadutsa m'maboma a Balaka ndi Machinga kupita ku Nayuchi.

Chifukwa chake tinali okayikiridwa

Tiyambe ndi kukumbuka kuti mtundu wathu unalowa mu ufulu uli ndi chilonda cha chitaganya. Kuyambira mu 1953 kufikira kumapeto kwa 1963 dziko la Nyasaland linamangidwa pamodzi ndi maiko awiri a Rhodesia eni ake akukana, ndipo mu 1959 anthu anaphedwa, ena ambiri natsekeredwa m'ndende, chifukwa cha kulimbana nacho. Anthu amene anaona zotere sakanathamangira mgwirizano wina uliwonse wa maiko osayamba afunsa kuti wopindula adzakhala yani.

Pamene tinalandira ufulu pa 6 July 1964, njanji yathu yokha yofika ku nyanja yamchere inali ya ku Beira, m'dziko la Mozambique limene pa nthawi imeneyo linali m'manja mwa Apwitikizi. Dr. Hastings Kamuzu Banda anauza msonkhano wa bungwe la OAU ku Cairo mwezi womwewo kuti dziko lake, pokhala lotsekeredwa pakati pa mtunda, silikanatha kudula ubale ndi Apwitikizi monga maiko ena anafunira. Nduna zina za Boma loyamba zinaona mwina, ndipo nkhani ya ubale ndi maiko akunja, pamodzi ndi ya thandizo la ndalama limene Boma la ku Beijing linalonjeza, inali imodzi ya zimene zinagawanitsa nduna m'mwezi wa September 1964.

Mnansi wathu Zambia, amenenso alibe doko, anatsata njira ina. Azungu a ku Rhodesia atadzilamulira okha mosaloledwa mu November 1965, Dr. Kenneth Kaunda anayang'ana kumpoto. Zambia anapempha kulowa m'bungwe la Kenya, Uganda ndi Tanzania limene linakhazikitsidwa mu 1967, ndipo China anamanga njanji ya TAZARA yochokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi, imene inatha mu 1975. Njanjiyo ilipo mpaka lero, koma bungwe lija linasweka mu 1977 Zambia asanalowemo. Apa taona kale chinthu chimodzi: nyumba imene munthu akugogodayo ingathe kugwa iye akali pa khomo.

Malawi anayang'ana kum'mwera. Mu 1967 anatsegula ubale wa akazembe ndi Boma la tsankho la South Africa, chinthu chimene maiko ena a anthu akuda odzilamulira sanachite. John Vorster anacheza kuno mu 1970, ndipo Dr. Banda anapita ku South Africa mu 1971. Amuna athu zikwizikwi anali ku migodi ya kumeneko. Ndalama za ngongole zochokera ku South Africa zinathandiza kumanga likulu la Lilongwe, ndipo zinamanganso njanji yatsopano imene inatsegulidwa mu 1970. Njanji imeneyi inayambira pa Nkaya, m'boma la Balaka, niwoloka Shire pa Liwonde, nidzera kum'mwera kwa Ntaja, pakati pa nyanja ya Chiuta ndi ya Chilwa, kufikira pa Nayuchi, mtunda wa makilomita 101, kumene inakumana ndi njanji ya Apwitikizi yopita ku doko la Nacala. Tsono taonani: ndalama zinali za ku Pretoria, chilolezo chinali cha ku Lisbon, koma nthaka imene njanji inagonapo kuseri kwa malire inali ya anthu a ku Mozambique.

Makomo awiri m'chaka chimodzi

Sipanapite zaka zambiri, zimene zinaoneka zolimba zinagwedezeka. Pa 25 April 1974 asilikali analanda Boma ku Portugal, ndipo pa 25 June 1975 Mozambique analandira ufulu pansi pa Samora Machel ndi chipani cha Frelimo, chimene abwenzi ake anali Soviet Union ndi China. Madoko onse awiri, la Beira ndi la Nacala, anakhala m'manja mwa anthu amene sanaiwale kuti Malawi anagwirizana ndi adani awo.

Mu 1979 makomo awiri anaonekera pamaso pa Malawi. P. W. Botha wa ku South Africa anaitana maiko a chigawo chino kuti apange gulu limodzi la chuma lozungulira dziko lake. M'chaka chomwecho, mwezi wa July, maiko asanu amene anali patsogolo pa nkhondo yolimbana ndi tsankho, ndiwo Angola, Botswana, Mozambique, Tanzania ndi Zambia, anakumana ku Arusha kukonza bungwe lawo, limene cholinga chake chinali kuchepetsa kudalira South Africa. Malawi sanali mmodzi wa asanuwo. Akadafuna kumsiya kunja, zifukwa anali nazo zokwanira.

Koma pa 1 April 1980, pamene bungwe la SADCC linabadwa ku Lusaka, Malawi anali m'gulu la maiko asanu ndi anai oyambitsa, pamodzi ndi Lesotho, Swaziland ndi Zimbabwe, amene ufulu wake unali utatsala masiku owerengeka. Dr. Banda sanapite yekha. Anatuma nduna yake, Dick Matenje. Kodi n'chifukwa ninji eni bungwe anatsegulira mnzawo amene anali ndi kazembe ku Pretoria? Si chifukwa chakuti anagwirizana naye maganizo, pakuti sanagwirizane. Anaona mapu. Bungwe lofuna kukonza njanji, misewu ndi madoko silikanatha kusiya bowo pakati pa Zambia, Tanzania ndi Mozambique, ndipo kumsiya Malawi kunja kukanakhala kumpereka m'manja mwa Botha. Nanga Malawi anavomeranji? Chifukwa katundu wake wolowa ndi wotuluka anadzera m'dziko la Samora Machel, ndipo palibe ngongole ya ku Pretoria imene ikanasuntha doko la Nacala kulibweretsa pa Liwonde.

Nzeru ya oyambitsa SADCC inali yakuti sanafunse mnzawo kuti ayambe walapa asanalowe. Anampatsa ntchito. Dziko lililonse linalandira gawo lake loyang'anira: Mozambique anatenga za mtengatenga ndi mtokoma, Angola za mphamvu, Zimbabwe za chakudya, ndipo Malawi anapatsidwa za nsomba, nkhalango ndi nyama zakutchire. Mu November 1981 msonkhano wa bungweli ndi maiko othandiza unachitikira mu Blantyre. Mlendo uja anali atasanduka mwini nyumba wolandira alendo.

Mayeso a m'zaka za nkhondo

Kulowa m'bungwe sikunathetse kukayikirana. Nkhondo ya Renamo, imene South Africa anaithandiza, inatseka njanji ya ku Beira, ndipo pofika mu 1984 ya ku Nacala nayonso inaleka kuyenda. Fodya, tiyi ndi shuga wathu anayamba kuzungulira pa malole mpaka ku Durban, ndipo mtengo wa mafuta, feteleza ndi mchere unakwera m'sitolo iliyonse, ya mu Limbe ndi ya pa Ntaja pomwe. Bwenzi limene linakongoza ndalama zomangira njanji ndi lomwelo limene linathandiza oiphwasula. Anthu a ku Mozambique othawa nkhondo anadzaza maboma a m'malire mpaka chiwerengero chawo chinafika pa miliyoni imodzi, ndipo anthu athu anawalandira, ambiri a iwo pokhala abale a mtundu umodzi ndi chilankhulo chimodzi amene malire a atsamunda anawalekanitsa.

Mu September 1986 Samora Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe anadza ku Blantyre kudzanena kwa Dr. Banda kuti Renamo ikugwiritsa ntchito nthaka ya Malawi. Boma la Malawi linakana mlanduwo. Machel atabwerera kwawo ananena za kutseka malire, ndipo pa 19 October chaka chomwecho anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini. Panalibe nthawi ina imene ubale wa Malawi ndi anansi ake unafika pafupi ndi kuduka monga imeneyo. Komabe mu December 1986 Malawi ndi Mozambique anasainirana pangano la chitetezo, ndipo kuyambira mu 1987 asilikali a Malawi anapita kukalondera njanji ya ku Nacala, ena nataya moyo wawo kumeneko, kufikira mtendere utapanganidwa ku Rome pa 4 October 1992. Akulu anati mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako. Umembala wathu weniweni unalipiridwa pa njanji imeneyo, koposa pa siginecha ya ku Lusaka.

Abwenzi akutali amabwera napita

Tsono tiyeni tione m'mene mphamvu zakutali zakhalira zikusintha pa ife. Pa zaka zonse za mpikisano wa America ndi Soviet Union, maiko a kumadzulo anathandiza Malawi osafunsa zambiri za m'mene anthu akulamulidwira. Soviet Union itagwa mu 1991, maiko omwewo anakumana ku Paris mu May 1992 naimitsa thandizo lonse losakhala la chifundo. Pa 14 June 1993 anthu anasankha ulamuliro wa zipani zambiri. South Africa amene bungwe lija linapangidwira kumthawa anasintha nayenso, ndipo mu 1994 analowa mu SADC, dzina latsopano la bungweli kuyambira pa pangano la ku Windhoek la pa 17 August 1992. Malawi anakhala pa ubale ndi Taiwan kuyambira mu 1966, koma kumapeto kwa 2007 Boma la Dr. Bingu wa Mutharika linatembenukira ku Beijing, ndipo zotsatira zake tonse taziona: nyumba ya malamulo ku Lilongwe, msewu wa Karonga ndi Chitipa, ndi bwalo lalikulu la masewera. Mu 2025 Boma la America linatseka bungwe lake la USAID, ndipo zipatala ndi sukulu zambiri zinamva kuwawa kwake. Ethiopia ndi Egypt, anzathu a mu COMESA, analowa mu 2024 m'gulu la BRICS, m'mene muli kale Brazil, Russia, India, China ndi South Africa.

Njanji ya ku Nayuchi yaona kusintha konseku. Inamangidwa ndi ndalama za ku South Africa. Inakonzedwanso ndi kampani ya Vale ya ku Brazil, mothandizana ndi Mitsui ya ku Japan, pofuna kunyamula malasha a ku Moatize m'chigawo cha Tete, ndipo panawonjezedwa njanji yatsopano yodzera ku Chikwawa, Mwanza ndi Neno kudzalumikiza pa Nkaya. Mu 2022 Vale anagulitsa mgodi ndi njanji kwa kampani ya Vulcan, imene eni ake ndi a ku India. Eni ndalama akhala akusintha, kuchokera m'makontinenti atatu, koma sitima ikachoka pa Nayuchi imalowabe mu Mozambique. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Mlimi wa nandolo wa ku Machinga ndi Balaka anaphunzira zimenezi m'thumba mwake. Msika waukulu wa nandolo wathu uli ku India. Mu August 2017 Boma la India, pofuna kuteteza alimi ake, linaika malire a matani 200,000 pa nandolo wolowa m'dzikomo pa chaka, ndipo mtengo unagwa kuno kotero kuti ambiri anasowa kogulitsa. Mozambique anali atasainirana kale pangano lake ndi India mu 2016. Malawi anapeza lake mu 2021, la matani 50,000 pa chaka kwa zaka zisanu. Anansi awiri olima mbewu imodzi, otumiza pa doko limodzi, anapita kwa wogula mmodzi yense payekha. Wogula wamkulu amakondwa akaona ogulitsa akudza mmodzimmodzi, pakuti pamenepo mtengo amatchula ndi iye.

Mapanga awiri

Pali nkhani ina imene antchito a Boma ayenera kuimvetsa bwino. Malawi ali m'mabungwe awiri a chigawo. COMESA inayamba ntchito pa msonkhano wa ku Lilongwe mu December 1994, pamene Mtsogoleri wa dziko anali Dr. Bakili Muluzi, mwana wa dera lomwe lino la Ntaja, ndipo Malawi anali mmodzi wa maiko asanu ndi anai amene anachotserana msonkho wa pa malire pa 31 October 2000. SADC nayo inatsegula msika wake wopanda msonkho mu 2008. Koma Mozambique sali mu COMESA, ndipo Tanzania anatulukamo mu 2000. Chotero pa anansi athu atatu ndi Zambia yekha amene tili naye m'mabungwe onse awiri. Malamulo amene amathandiza wamalonda pa Mchinji si onse amene angamthandize mnzake pa Nayuchi kapena pa Chiponde. Pamwamba pa izi pali pangano la msika wa Africa yense, limene linasainidwa ku Kigali mu 2018, ndipo Malawi analivomereza mu 2021.

Ena amati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo amafuna kuti tisankhe bungwe limodzi. Mau awo ali ndi nzeru, pakuti tsiku limene mabungwewa adzafuna kuti mamembala onse akhale ndi msonkho umodzi pa katundu wochokera kunja, dziko silidzatha kutsata mitengo iwiri pa chipata chimodzi. Ife tikuti tsiku limenelo likadzafika, chotitsogolera chikhale chimene chinatsogolera a 1980. Tisadzafunse kuti ndi bungwe liti limene lili ndi abwenzi olemera chaka chimenecho. Tidzafunse kuti mafuta athu ndi feteleza wathu amalowera kuti, ndipo nandolo, fodya ndi shuga wathu amatulukira kuti. Yankho lake ndi Nacala, Beira, Dar es Salaam ndi Durban, ndipo madoko onsewa ali m'maiko a SADC.

Umembala uli ndi mtengo wake, ndipo walira mvula walira matope. Asilikali a Malawi anali m'gulu la nkhondo la SADC limene linatumidwa kum'mawa kwa Congo kumapeto kwa 2023, ndipo ena anafa pa nkhondo ya ku Goma mu January 2025, gululo lisanaitanidwe kuti libwerere. Msonkho umene Boma limasiya kutolera pa malire ndi ndalama zimene zikanalipira mphunzitsi ndi namwino. Popeza mtengo tikulipira kale, kungakhale kupusa kusatenga phindu lake.

Ntchito ya inu ndi ife

Phindu limenelo silitengedwa pa misonkhano ya atsogoleri. Limatengedwa pa tebulo la kalaliki wa kasitomu amene amadziwa pangano nalongosolera mayi wogulitsa mpunga kapena matemba kuti katundu wake ayenera kulipira chiyani ndi kusalipira chiyani, m'malo momuopseza kuti adzere njira zam'tchire. Limatengedwa ndi mlangizi wa zaulimi ndi wa zamalonda amene amathandiza bungwe la alimi kupeza chikalata chosonyeza kumene katundu wachokera, pakuti popanda chikalata chimenecho msika wopanda msonkho ndi dzina chabe. Chipata cha Mchinji ndi Mwami chinasanduka cha malo amodzi mu 2022, kotero kuti woyenda amaima kamodzi kokha. Anthu a kum'mawa kuno ali ndi chifukwa chabwino chofunsira kuti zotere zifikenso pa zipata zawo. Amene amakambirana ndi eni njanji m'malo mwa Boma asatope kukumbutsa kuti njanji yodutsa m'minda ya anthu a Mfumu Kawinga ndi Mfumu Liwonde iyenera kukhala ndi malo okwanira a katundu wa Malawi, kuti anthu asamangowerenga mabogi a malasha akupita.

Kwa inu aphunzitsi tikuti: mwana wa ku Ntaja asatuluke m'sukulu akudziwa mitsinje ya ku Ulaya koma osadziwa kuti kuseri kwa Nayuchi kuli Entre Lagos, Cuamba ndi Nampula. Mumsonyeze pa mapu m'mene Mozambique wazingira chigawo chathu cha kum'mwera kum'mawa, kum'mwera ndi kumadzulo. Ndipo a Unduna wa Maphunziro aganizire mofatsa za kuphunzitsa Chipwitikizi m'sukulu za sekondale za m'maboma a m'malire, pakuti kalaliki amene sangawerenge kalata ya mnzake wa tsidya lina amachedwetsa katundu wa dziko lonse.

Maiko amene akugogoda lero pa makomo a mabungwe angaphunzire kwa ife kuti khomo limatsegukira amene eni nyumba aona kuti sangamlambalale, ndipo ulemu umadza pambuyo pake, mlendo akasenza nawo katundu wa m'nyumbamo. Ifenso tiphunzire kwa ife tokha. Thandizo la Beijing, la Washington, la Delhi kapena la Brussels tililandire ndi manja awiri, ndipo tiwerenge bwino mapepala ake tisanasaine. Koma pa mkangano uliwonse wa akuluakulu amenewa, mau athu tiyambe tawayesa pa funso limodzi, lakuti kodi atisiya bwanji ndi Maputo, Lusaka ndi Dodoma, pakuti kumeneko ndiko kumene makiyi a zipata zathu amasungidwa.